Ng'ombe Yagona Itabereka: Tizinge Lero Kapena Tiipatse Mpata?

Ng'ombe ikabereka n'kukanika kudzuka, pakhola sipachedwa kudzaza anthu, ndipo anthuwo sachedwa kugawikana. Ena amayang'ana dzuwa n'kumati, "Amalume, itanani wozinga kusanade, ikafa yokha usiku mudzalira." Ena amagwira mwini ng'ombe pamkono n'kumati, "Musapupulume achimwene, yangotopa ndi kubereka, mawa idzuka." Butchala naye amakhala wamva kale, wafika pa njinga yamoto, waima chapatali ngati sizikumukhudza. Mkangano umenewu umabuka kulikonse kumene kuli makola, koma m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia kudutsa paboma mpaka ku Dwangwa, umawawa mwapadera chifukwa ng'ombe kuno n'zochepa. Kashembe wa m'nkhalango ya Nkhotakota wakhala akulepheretsa anthu kukhala ndi makola aakulu ngati a ku Mzimba, ku Karonga kapena ku Chigwa cha Shire, choncho banja la ng'ombe zitatu kapena zinayi likataya yaikazi imodzi, chuma chake chagwedezeka. Ine ndili kumbali ya oti ng'ombe ipatsidwe mpata, koma osati mpata wopinda manja umene ambiri amautcha kudikira. Ng'ombe yogona iunikidwe tsiku lomwelo, igwiriridwe ntchito usana ndi usiku kwa masiku owerengeka, ndipo mpeni ubwere pokhapokha kuunikako kapena masikuwo akaonetsa kuti chiyembekezo chatha.

Ofuna kuzinga msanga si anthu ankhanza kapena osadziwa ziweto, ndipo mfundo zawo n'zolemera. Iwo amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ng'ombe imene ikupuma lero ndi nyama yogulitsika, pamene yofa yokha ndi ya agalu ndi dzenje. Ku Nkhotakota mfundoyi imakula chifukwa cha chipembedzo. Chisilamu chinazika mizu kuno kuyambira nthawi ya a Jumbe m'zaka za m'ma 1800, ndipo Msilamu sadya nyama ya chiweto chimene sichinazingidwe chili chamoyo. N'chifukwa chake ngakhale mlimi wachikhristu amaitana Msilamu kuti amuzingire, podziwa kuti akapanda kutero wathamangitsa ogula ambiri. Amanenanso kuti tsiku lililonse limene ng'ombe yagona imaonda, mbali imene yagonera magazi amaundana n'kuwononga nyama, ndipo butchala amene dzulo amatchula mtengo wabwinoko lero amatchula theka, podziwa kuti mwini wake alibe kothawira. Kenaka pali nkhani ya ntchito. Ng'ombe ikabereka chakumapeto kwa chilimwe, banja limakhala pa kalikiliki wokonza minda ya mpunga ndi chinangwa, amuna ena ali kunyanja. Kutembenuza chinyama cholemera makilogalamu 250 kapena 300 kumafuna anthu atatu kapena anayi, kangapo patsiku. Ndani angasiye khasu ndi ukonde chifukwa cha ng'ombe imene mwina sidzaimanso?

Pamene mfundo zonsezi zimaterereka ndi poti zimatenga ng'ombe zonse zogona ngati zadwala nthenda imodzi. Zimene zimagwetsa ng'ombe ikabereka n'zosiyana kwambiri, moti ina imadzuka tsiku lomwelo italandira mankhwala, ina imafuna sabata, ina sidzadzuka ngakhale mutaitana madokotala onse a ku Lilongwe. Chodziwika kwambiri ndi kuchepa kwa kashiamu m'magazi. Ng'ombe ikangobereka, mawere amayamba kukoka kashiamu wambiri kuti apange mkaka woyamba uja wachikasu. M'magazi onse a ng'ombe yaikulu ya mkaka mumakhala kashiamu wokwana magalamu 3 kapena 4 basi, pamene malita 10 a mkaka woyambawo amatenga magalamu oposa 20. Thupi likachedwa kutapa wina m'mafupa ndi m'chakudya, minofu imasiya kugwira ntchito, ndipo izi zimachitika kawirikawiri m'masiku atatu oyamba. Ng'ombe imayamba ndi kudzandira, kenaka imagwa, makutu amazizira, mphuno imauma, ndowe zimasiya kutuluka, ndipo mutu imaupinda n'kuugoneka m'nthiti. Woiona angalumbire kuti ikufa, ndipo ikasiyidwa nthawi zambiri imafadi. Koma mlangizi wa ziweto akailowetsa pang'onopang'ono botolo la calcium borogluconate la mamililita 400 kudzera mumtsempha wa pakhosi, imayamba kunjenjemera, kugeya, kuchita ndowe, ndipo zambiri zimaima pasanathe maola awiri. Wozinga ng'ombe yotere wataya chiweto chimene chikanaberekabe zaka zingapo chifukwa cha botolo limodzi limene silinafike.

Wina anena kuti zimenezi ndi za ng'ombe za mkaka za ku Bvumbwe ndi ku Chiradzulu, za mtundu wa Friesian ndi Jersey, osati zathu zachikuda za linunda. Akunena zoona ndithu. Ng'ombe yachikuda yotulutsa malita awiri kapena atatu patsiku sigwidwa kawirikawiri ndi vutoli, ngakhale kuti yosakaniza mtundu imene yabereka katatu kapena kanayi ikhoza kugwidwa. Koma zimenezi sizikuwathandiza a mpeni, chifukwa zimene zimafooketsa ng'ombe yachikuda m'mbali mwa nyanja ndi njala ndi kuchepa kwa magazi, ndipo zonse ziwiri n'zochizika. Pofika Okutobala ndi Novembala msipu umakhala utauma kapena utapsa ndi moto, ng'ombe ya bere yakhala ikudyetsa mwana wam'mimba ndi mnofu wake womwe, ndipo kubereka kumangomaliza timphamvu timene tinatsala. Udzu wobiriwira umatsalira m'madambo a Bua, Kaombe ndi Chia, m'mene mulinso tinkhono tam'madzi timene timafalitsa nyongolotsi za m'chiwindi. Pamwamba pa zimenezi pali kashembe uja, amene wachititsa boma lino kudziwika ndi matenda a kaodzera pamodzi ndi Rumphi ndi Kasungu, ndipo mu ng'ombe amasiya tizilombo tomaliza magazi pang'onopang'ono. Kokerani pansi chikope cha m'munsi muone: ng'ombe yathanzi m'kati mwake mumakhala mofiirira, yotha magazi mumayereratu, ndipo nthawi zina pansi pa chibwano pamatupa madzi. Yoteroyo sidzuka ola limodzi, koma chakudya chabwino, madzi ndi mankhwala oyenera zikhoza kuibweza.

Palinso kuvulala kwa mitsempha yoyendetsa miyendo yakumbuyo, ndipo apa nthawi zambiri olakwa ndife anthu. Mitsempha imeneyi imadutsa m'kati mwa mafupa a m'chiuno, njira yomweyo imene mwana amatulukira. Mwana akakula kwambiri, monga zimachitikira msoti waung'ono ukakweredwa ndi nkhunzi ya Friesian kapena Brahman, kapena akakhala panjira maola ambiri, kapena amuna asanu akamukoka ndi chingwe osayamba aona mmene wagonera, mitsemphayo imafinyika n'kuchita dzanzi. Ng'ombe yotere maso ake amakhala owala, imadya, imamwa, imabzikula, imaitana mwana wake, imayesa kudzuka koma miyendo yakumbuyo imatangadza kapena chiboda chimapindikira kumbuyo. Imeneyi ndi imene imandimvetsa chisoni kwambiri ikazingidwa tsiku loyamba, chifukwa m'thupi mwake mulibe chimene chikuipha. Mankhwala ake enieni ndi nthawi ndi chisamaliro, jakisoni wochepetsa ululu ndi kutupa amangothandizira.

Zilipo ng'ombe zimene ofuna kuzinga amalondola, ndipo kuzizindikira msanga ndi mbali ya kuunika komweko. Imene yathyoka fupa la ntchafu, kapena nyonga yake yaguluka itaterereka m'matope a m'khola, sidzaimanso m'mudzi. Mwendo umaoneka waufupi kuposa unzake kapena wopotoka, ukaugwedeza umamva mafupa akukhulana, ndipo nthawi zina miyendo yonse iwiri imayalika m'mbali osabwereranso. Yoteroyo izingidwe tsiku lomwelo, isanabayidwe chilichonse, nyama ikadali yabwino. Ilipo inanso imene mpeni suthandiza konse, imene poizoni walowa m'magazi chifukwa chiberekero chawola nsengwa itatsalira, kapena chifukwa bere lina latupa n'kuuma gwaa, likutulutsa madzi m'malo mwa mkaka. Imeneyi maso amalowa m'kati, sidya, kumbuyo kumatuluka zonunkha, ndipo thupi limatentha kupitirira madigiri 39.5, kapena kuzizira kwambiri ikafika pothera. Imafuna mankhwala amphamvu mwachangu, ndipo akalephera malo ake ndi dzenje lakuya. Chomvetsa chisoni n'chakuti imeneyi ndi imene anthu amathamangira kuizinga usiku, n'kuigawa m'mudzi pangongole, ana n'kudya. Malamulo a dziko lino amafuna kuti nyama yogulitsa iyambe yayezedwa ndi a zaziweto, ndipo ng'ombe ngati imeneyi ndi imene kuyezako kumafuna kugwira.

Tsono tibwere kwa anzathu odikira, chifukwa nawonso ali ndi mlandu, mwina waukulu kuposa wa ozinga. Iwo amaganiza kuti ng'ombe ikagona ndiye kuti ikupumula, pamene kwenikweni ikudzivulaza. Thupi lolemera chomwecho likatsamira mwendo umodzi pa nthaka yolimba, magazi amasiya kuyenda bwino m'minofu ya ntchafu, minofuyo imatupa n'kuyamba kufa, ndipo mitsempha imafinyika kachiwiri. M'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1982, Victor Cox ndi anzake a ku University of Minnesota ku America anatenga ng'ombe zabwinobwino n'kuzigoneka ndi mankhwala ogonetsa kwa maola 6, 9 kapena 12, mwendo umodzi wakumbuyo uli pansi pa thupi. Mankhwala atatha mphamvu, pafupifupi theka la ng'ombezo linakanika kudzuka, chikhalirecho zinalibe nthenda ina iliyonse. Ndiye kuti ng'ombe ikhoza kuchira chimene chinaigwetsa, kashiamu n'kubwerera m'malo mwake, dzanzi n'kutha, koma n'kukhalabe pansi chifukwa cha usiku umodzi umene inagonera mbali imodzi. Mlimi akati anadikira sabata yathunthu ng'ombe osadzuka, ayambe wafunsidwa kuti m'sabatayo anaitembenuza kangati. Nkhani zambiri zimene ozinga amapereka ngati umboni, za ng'ombe ya a uje imene inawolera pansi mpaka kufa, ukazifufuza umapeza kuti ndi za ng'ombe zimene zinangoikidwa udzu pamphuno n'kusiyidwa.

Chisamaliro chenichenicho sichifuna zida za ku Ulaya, ndipo anthu a kunyanja ali ndi mwayi umodzi umene a kumtunda alibe: mchenga. Mchenga wouma wothiridwa mokhuthala masentimita 20 kapena 30 ndi pogona pabwino kwambiri pa ng'ombe yodwala, chifukwa umagonja thupi likautsamira, umamwa mkodzo, ndipo ziboda zimagwira ikafuna kudzuka. Pamwamba pake mukhoza kuyala mapesi a mpunga. Ngati yagwera padzuwa kapena pamatope, igubuduzireni pa lona kapena pa chitseko chakale n'kukoka chimenecho, osati nyanga, mchira kapena miyendo. Zikavuta imangireni chisakasa pomwepo, chifukwa dzuwa la Novembala ku Nkhotakota likhoza kupha ng'ombe imene singathe kudzifunira mthunzi. Igonere pachifuwa, miyendo itapindidwa monga imakhalira ikamabzikula, ndipo matumba odzaza mchenga aikidwe paphewa kuti isagwere cham'mbali. Ng'ombe yogona cham'mbali singathe kugeya, mimba imafufuma, ndipo zam'mimba zikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo. Itembenuzidwe maola atatu kapena anayi aliwonse, ndi usiku womwe, kuti mwendo umene unali pansi ukhale pamwamba, ndipo mwendowo upindidwe, uwongoledwe, usisitidwe mwamphamvu. Madzi akhale pafupi ndi kamwa m'beseni losagubuduka, ndipo musadabwe ikamaliza ndowa ziwiri kapena zitatu tsiku lotentha. Udzu wobiriwira womweta, masamba ouma a mtedza, madeya pang'ono ndi mchere zisasowe. Mwana alandire mkaka woyamba m'maola 6 oyamba, ngakhale pochita kukama n'kumumwetsa, chifukwa chitetezo chake chonse chili m'menemo. Wogwira nsengwa avale majumbo m'manja, popeza matenda ena a ng'ombe amalowa mwa munthu kudzera m'zimenezi. Usiku pakhale munthu ndi tochi, makamaka m'midzi yoyandikana ndi nkhalango, chifukwa agalu ndi afisi amadziwa nyama imene singathawe.

Pa nkhani yoidzutsa ndi pamene anthu a mtima wabwino amawononga kwambiri. Kuthira tsabola m'maso, kupotokola mchira, kuyatsa moto kumbuyo kwake, kukwapula ndi chikoti, zonsezi zimachokera ku ganizo lakuti ng'ombe ikuchita ulesi. Ng'ombe imene ingathe kuima sigona mwana wake akulira pafupi. Ikachita mantha imadzikoka mwamphamvu, miyendo n'kutangadza, n'kung'amba minofu imene inali yabwino. Kumanga miyendo yakumbuyo ndi nsalu yofewa pamwamba pa ziboda, kusiya mpata wa pafupifupi theka la mita, kumateteza ngozi imeneyi. Kuinyamula kumathandiza kukachitika mwanzeru. Matumba olimba kapena chidutswa cha lona chidutse pansi pa chifuwa ndi kutsogolo kwa mawere, mitengo iwiri m'mbali, amuna okwanira aikweze pang'onopang'ono, wina aike ziboda pansi bwinobwino, ndiye muone ngati ikuyesa kudziimira. Ikayesa, iime mphindi zochepa, kawiri kapena katatu patsiku. Ikangolendewera, ibwezeni pamchenga. Kuipachika mumtengo wa mango ndi zingwe za ukonde tsiku lonse kumadula khungu ndi kupanikiza mimba ndi mapapo, ndipo ng'ombe imatsika ili yoipiratu. Chimodzimodzi kuithira zitsamba, mafuta ophikira kapena zakumwa za m'botolo m'kamwa mokakamiza. Ng'ombe yochepa kashiamu imalephera kumeza bwino, madziwo amalowera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo chimene chimaipha patapita masiku, anthu n'kumati inafa ndi kubereka.

Ozinga ali ndi funso limene siliyenera kupeputsidwa: nanga zonsezi zikachitika, ndi zingati zimene zimadzuka? Kafukufuku wa Phillip Poulton ndi anzake ku Australia, amene anasindikizidwa mu 2016, anatsatira ng'ombe za mkaka 218 zimene zinagona kupitirira tsiku limodzi, ndipo zimene zinachira zinali pafupifupi imodzi mwa zitatu zilizonse. Chiwerengero chimenecho si chosangalatsa. Koma kafukufuku yemweyo anapeza kuti zosamalidwa bwino zinachira kwambiri kuposa zosamalidwa mwachisawawa, ndiponso kuti zambiri zinali zitavulala kachiwiri chifukwa cha kugonako. Tisaiwalenso kuti zimenezo zinali ng'ombe zazikulu za mkaka zimene zinali zitagona kale tsiku lathunthu, pamene yachikuda, yolemera pafupifupi theka la Friesian, imadzipanikiza pang'ono ndipo sivuta kutembenuza. Ndiye tiike pa sikelo. Mbali ina pali nyama ya ng'ombe yowonda, imene ikasendedwa ndi kutumbulidwa imatsala pafupifupi theka la kulemera kwake, yogulitsidwa kwa munthu amene akudziwa kuti mwathedwa nzeru, ina n'kupita pangongole imene mudzailondola mpaka nthawi yokolola. Mbali inayi pali ng'ombe imene ikadzuka ingaberekenso kangapo, ndiponso mwana wobadwa kumene amene popanda mayi wake savuta kufa, chifukwa mkaka wogula woti n'kumulera miyezi itatu banja la kumudzi silingaukwanitse. Msoti wachikuda umatenga zaka 3 kapena 4 kuti ubereke koyamba. Wozinga lero kawirikawiri amataya ng'ombe ziwiri pamodzi ndi zaka zimenezo, ndipo zimenezi butchala saziika m'mtengo wake.

Mfundo yamphamvu kwambiri ya ozinga, mmene ndikuonera, ndi ya jakisoni. Amati ukabaya ng'ombe wadzitsekera msika, ndiye ikapanda kudzuka wataya ng'ombe ndi nyama yomwe. N'zoona. Oxytetracycline wokhalitsa m'thupi uja amene alimi ambiri amamuthamangira, ndiponso diminazene wa matenda a kashembe, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Berenil, amafuna kuti papite masabata angapo nyama isanadyedwe, ndipo masiku ake enieni amalembedwa pabotolo kapena papaketi. Chimene mfundoyi ikutiuza ndi chakuti kuunika kuyambe, jakisoni abwere pambuyo. Kashiamu saletsa kudya nyama, ndipo mchenga, mthunzi, madzi ndi kutembenuza sizisiya kanthu m'thupi, choncho tsiku loyamba ndi lachiwiri mlimi angathe kuchita zambiri msika ukadali wotsegula. Cholakwika chofala ndi kugula mankhwala pamsika, kubaya mitundu itatu m'mawa osadziwa chimene chikuchizidwa, madzulo n'kutaya mtima, n'kugulitsa ng'ombe osanena kanthu. Nyama imeneyo imathera pa chiwaya cha kanyenya m'mbali mwa msewu wa M5, ndipo wodya sadziwa kuti akumeza mankhwala a ng'ombe. Mlimi akasankha kubaya mankhwala otere adziwe kuti walonjeza kusamala ng'ombeyo mpaka mapeto, ndipo ikafa aikwirire. Ku America, atapeza matenda a misala ya ng'ombe mu Disembala 2003, boma linaletsa kuti ng'ombe yosatha kuima iphedwe kukhala chakudya cha anthu. Ife sitingafike pamenepo, chifukwa kukwirira ng'ombe yongothyoka mwendo m'mudzi wosowa ndiwo kungakhale kupusa, komabe tisamadzinamize kuti ng'ombe iliyonse imene ikupuma ndi ndiwo.

Nanga mlangiziyo ali kuti? Limeneli ndi dandaulo lenileni. Boma la Nkhotakota ndi lalitali, alangizi a ziweto amene amaphunzira ku koleji ya Mikolongwe ndi ochepa poyerekeza ndi midzi imene ayenera kufika, ndipo madokotala a ziweto amene yunivesite ya LUANAR imatulutsa ku Bunda akadali ochepa m'dziko lonse. Mvula ikakula mitsinje yotsika kumapiri imadula njira, monga zinachitikira ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024. Koma foni ilipo. Mlimi amene angathe kunena kuti ng'ombe inabereka liti, yabereka kangati, mwana anakokedwa kapena ayi, nsengwa inatuluka kapena yatsalira, makutu ndi ozizira kapena ofunda, ikudya, yachita ndowe, chikope n'chofiirira kapena choyera, wachita theka la ntchito younika, ndipo mlangizi adziwa chonyamula pa njinga yake ndi changu chimene chikufunika. Kulowetsa kashiamu mumtsempha si ntchito ya aliyense, chifukwa akalowa mothamanga amaimitsa mtima, koma mlimi wophunzitsidwa angathe kumubaya pansi pa khungu m'malo angapo, botolo litafunditsidwa, poyembekezera mlangizi. Apa mfundo yanga ili ndi malire ake. Ng'ombe yozizira makutu, yogona cham'mbali, yosazindikira kanthu, pamene palibe chiyembekezo choti kashiamu afika tsiku limenelo, ikhoza kufa usiku womwewo, ndipo mwini wake akaitana wozinga sindingamuweruze. Chimene chapha ng'ombe imeneyo ndi kutalika kwa njira yopita kumene kuli botolo. Koma ng'ombe yamaso owala imene ikudya ndi kubzikula nthawi zambiri sifa mwadzidzidzi pakati pa usiku. Imatsika pang'onopang'ono, wogona pakhola amaona, ndipo nthawi yoitana wozinga imakhalapo. Auzidwe kuti akhale tcheru, koma mpeni ukhale m'chimake.

Atsala ndi amene amati kusunga ng'ombe yogona ndi kuizunza. Amenewa ndimagwirizana nawo kwambiri kuposa mmene angaganizire, n'chifukwa chake mpata umene ndikunena uli ndi polekezera. Madzulo aliwonse mwini ng'ombe adzifunse ngati lero kuli bwino kuposa dzulo, ndipo amuuze mlangizi zoona. Ng'ombe imene ikudya, ikudzitembenuza yokha, ikukwawa kusintha malo, ikuyamba kuponda pansi ikanyamulidwa, ipitirize kusamalidwa ngakhale mpaka sabata kapena masiku khumi. Imene yasiya kudya, ikugwera cham'mbali nthawi iliyonse mukaikhazika, ikukukuta mano ndi kubuula, mkodzo wake waderako chifukwa minofu ikuwonongeka, kapena yachita zilonda zimene zayamba kugwa mphutsi, yafika pamapeto. Kuisunga tsiku lina chifukwa cha manyazi, kapena chifukwa mwini mbumba ali ku Lilongwe ndipo sakuyankha foni, ndi nkhanza. Ng'ombe zambiri m'midzi yathu ndi za banja lonse, ndipo nthawi yambiri imatayika pofunsana, choncho abale agwirizane tsiku loyamba lomwe kuti wogamula ndani. Ngati pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi palibe kusintha kulikonse, chigamulo chipangidwe. Banja limene likudziwa kuti lilibe anthu otembenuza ng'ombe usiku lipemphe anansi, ndipo akasowa, kuzinga ng'ombe yosabayidwa tsiku lachiwiri n'kwabwino kuposa kuisiya iwolere pansi.

Zambiri mwa ng'ombe zimenezi sizikanagwa zikanakonzekeredwa miyezi iwiri yomaliza ya bere. Mapesi a mpunga amene ambiri amawatentha akakolola akanasungidwa, madeya akanapatulidwira ng'ombe ya bere, mankhwala a nyongolotsi za m'chiwindi ndi a kashembe akanaperekedwa nthawi yake, msoti waung'ono ukanatalikitsidwa ndi nkhunzi yaikulu, ndipo pobereka mwana akanakokedwa ndi anthu awiri basi, panthawi imene mayi wake akukankha. Komabe ngakhale m'khola losamalidwa bwino ng'ombe ina idzagwa, ndipo tsiku limenelo chofunika chidzakhala chimene chili pafupi. Makalabu a alimi a ku Zidyana, Linga ndi Nkhunga akhale pansi ndi alangizi awo mvula isanayambe, asonkherane agule mabotolo a kashiamu ndi zoyezera kutentha kwa thupi, asankhe anthu awiri m'kalabu iliyonse oti aphunzitsidwe kubaya pansi pa khungu ndi kunyamula ng'ombe ndi matumba. Ndipo inu amene muli ndi ng'ombe ya bere m'khola panopa, tutani mchenga sabata ino, ndipo nambala ya mlangizi muilembe pachitseko kuti ngakhale mwana athe kuimba inu muli kunyanja.